Alamu ya agogo ndi kutha kwa ma landline kuno ku UK: dinani batani mumve mawu a munthu

Anzanga amene muli mu care kuno ku UK, ndi inu amene muli ndi kholo kapena apongozi okalamba omwe amakhala okha m'nyumba, tamvani iyi. Ma landline akale aja, a waya wa kopa wochoka ku exchange kudzafika pakhoma la m'nyumba, akuzimitsidwa dziko lonse. BT poyamba inkati pofika December 2025 zonse zikhala zitatha, kenako mu May 2024 inasuntha tsikulo kulifikitsa pa 31 January 2027, koma musagonere tsiku limenelo chifukwa sikuti adzadula nyumba zonse tsiku limodzi ayi, akusintha nyumba imodziimodzi ndipo zambiri zinasinthidwa kale eni ake osadziwa nkomwe kuti chasintha nchiyani. Foni ikulirabe, nambala ndi yomwe ija, nde munthu amangoti zonse zili bho. Pomwe pali nkhani ndi pa kabokosi kaja kamakhala pafupi ndi foni, kaja agogo akadina batani lofiira la pakhosi kapena la pamkono kamaimba ku centre kukanena kuti agwa. Anthu odalira timabokosi timeneti kuno ndi pafupifupi mamiliyoni awiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwewa ifeyo timawasambitsa m'mawa uliwonse.

Landline yakale inali ndi zinthu ziwiri zomwe palibe ankaziganizira. Inkabwera ndi magetsi akeake, pafupifupi ma volts 50 ochokera ku exchange kudzera mu waya womwewo, nchifukwa chake magetsi akazima foni ya chingwe inkagwirabe. Komanso mawu ankadutsa mmene alili osawasokoneza. Alamu yakale ikaimba ku centre siyamba nkulankhula, imayamba yaliza timaphokoso tija ta tii tuu tii timamveka mukamadina manambala pa foni, ndipo m'timaphokoso timeneto ndi momwe muli uthenga woti ndine bokosi nambala yakuti, la kwa mayi akutiakuti, chadinidwa ndi batani kapena chalira ndi cha utsi. Pa layini yatsopanoyi, BT imaitcha Digital Voice makampani ena ali ndi mayina awo, foni imalowa kumbuyo kwa rauta ndipo mawu amadulidwadulidwa nkumayenda pa intaneti. Khutu la munthu silimva kusiyana koma makina a ku centre akangophonya kaphokoso kamodzi basi uthenga wasokonekera, foni imaduka, bokosi limayesanso, pena imalowa ulendo wachiwiri pena wachitatu pena osalowa nkomwe. Ndipo chondiopsa ine nchakuti siikana tsiku lililonse. Lero ilowa bwinobwino, mawa ikana, palibe angakuuzeni kuti ikana liti.

Izi sizongoopsezana. Mu 2023 ma alamu ena analephera kugwira eni ake atawasintha layini, anthu nkupeza nazo mavuto aakulu, mpaka mu December chaka chomwecho boma linaitana makampani a mafoni nkuwasainitsa kuti asamasinthe munthu wa alamu yotere asanatsimikize kuti igwira pa layini yatsopano. Ofcom, yomwe imayang'anira makampani amenewa, inayamba kufufuza Virgin Media mu February 2024 pa nkhani yomweyi ndipo mu December 2025 inailipitsa chindapusa cha £23.8 miliyoni. Koma taonani, lonjezo lonse lija limagwira pokhapokha kampani ya foni ikudziwa kuti m'nyumbamo muli alamu, ndipo nthawi zina siidziwa, chifukwa alamu inabwera ndi a khansolo kapena kampani ina, foni ndi ya kampani inanso.

Nde yambani ndi maso. Mukafika m'nyumba, pezani kabokosiko, nthawi zambiri kamakhala pa katebulo ka pa khonde la mkati kapena pafupi ndi mpando womwe agogo amakhala, katsatireni zingwe zake ngakhale zitanthauze kugwada nkusuzumira kuseri kwa sofa komwe kuli fumbi ndi ma tissue akale. Chingwe chimodzi ndi cha magetsi. Ngati pali china chopyapyala chopita mu soketi ya foni ya pakhoma, imeneyo ndi alamu yakale ija yodalira landline. Ngati chopyapyalacho chikulowa kumbuyo kwa rauta ndiye kuti nyumbayo inasinthidwa kale ndipo alamu yakale ikukwera pa layini yatsopano, apo mpofunika kuyesa kwambiri. Ngati palibe chingwe cha foni nkomwe, chamagetsi chokha, ndiye kuti mwina muli SIM mkati. Katembenuzeni muone pansi pake, pamakhala pepala lomata la dzina ndi mtundu wake, kaya ndi Tunstall kaya Chiptech kaya Careium kapena ina, pena pamakhalanso nambala ya eni alamuyo, jambulani pa foni ngati malamulo a kuntchito kwanu amalola apo ayi lembani. Ndipo kumbukirani kuti si batani lokha lomwe limadutsira pamenepo. Cha utsi chija chili kudenga, chija chimazindikira chokha munthu akagwa, kamphasa ka pansi pa matiresi komwe kamanena kuti agogo adzuka usiku osabwereranso pabedi, cha pachitseko cha anthu a dementia omwe amatuluka pakati pa usiku, cha khunyu, zonsezo zimalankhula ndi kabokosi kamodzi komweko, kakangofa zonse zafa nako.

Kenako imbirani kampani ya foni. Apa musadzivute kuimba nokha chifukwa sangakuuzeni kanthu ngati dzina lanu palibe pa akaunti, imbani agogo ali pambali panu avomere ndi pakamwa pawo, kapena muuze mwana wawo amene ali ndi power of attorney aimbe. Mawu ofunika kuwatchula ndi telecare, dzina lomwe amatchulira ma alamu otere, nenani kuti m'nyumba muno muli telecare ndipo mwini wake amadalira landline, alembe pa akaunti. Funsani ngati layini inasinthidwa kale, ngati ayi adzasintha liti, ndipo mukakamire kuti tsikulo abwere injiniya m'malo mongotumiza rauta pa positi ndi kapepala ka malangizo. Agogo a zaka 88 amene zala zawo zinapindika ndi nyamakazi sangakwawe pansi pa tebulo kusuntha zingwe, ndipo ambiri rautayo amangoisiya m'katoni momwemo pamwamba pa firiji tsiku losintha nkudutsa layini yakale nkufa. Makalata a nkhaniyi amabwera ndithu koma amaoneka ngati otsatsa malonda, nde mukawapeza aunjikana pansi pa mbale ya zipatso osatsegula, afunseni agogo mwaulemu ngati mungawatsegulire limodzi. Amene alibe intaneti ndipo sakuifuna asaope kuti awakakamiza kugula, auzeni a kampani kuti akufuna foni yokha, njira yake ilipo.

Pali msampha wina womwe ana awo amagwamo ndi mtima wabwino. Kuyambira pa 5 September 2023 Openreach, kampani ya BT yoyang'anira mawaya a mafoni, inasiya kugulitsa ma layini akale, kutanthauza kuti ukangosintha kampani kapena kutenga deal yatsopano nthawi zambiri umapita pa digital pompo. Nde mwana ali ku London waona kuti mayi ake ku Leeds akulipira zambiri, wawasinthira pa intaneti usiku umodzi kuti awapulumutsire ma pounds angapo pamwezi, fomu yafunsa za alamu iye wangodumpha, basi zatha. Ngati muli pa gulu la WhatsApp la banjalo kapena mumakumana nawo Loweruka, auzeni asasinthe kanthu asanalankhule ndi a alamu.

A alamuwo kuwapeza nkosavuta, dinani batani lomwelo, akayankha muwauze kuti si ngozi mukufuna kufunsa. Sakwiya ayi, ntchito yawo ndi yomweyo, ndipo iwo omwe amalimbikitsa kuti anthu aziyesa kamodzi pamwezi. Afunseni kuti bokosi limeneli ndi analogue, lakale lija la timaphokoso, kapena digital, linayesedwa pa layini ya kampani yomwe agogo ali nayo, ndipo muli ndi pulani yolisintha liti. Akayankha zoti liyenera kugwira, amenewo si mayankho, funsani tsiku lobweretsa latsopano. Za ndalama zimasiyana malo ndi malo, makhansolo ena akusintha okha osalipiritsa, ena anakweza ya pa sabata, makampani a private ali ndi mitengo yawo, koma munthu wolumala kapena wodwala matenda okhalitsa sayenera kulipira VAT pa zipangizo zotere, amangosaina kafomu, nde funsani.

Tsiku losintha likafika, chinthu chachikulu nchakuti soketi ya pakhoma ija imafa. Ikuoneka bwinobwino koma mulibe kanthu, ndi ma soketi ena a kuchipinda cham'mwamba chimodzimodzi pokhapokha injiniya atawalumikizanso mwapadera. Alamu ikatsala mu soketi imeneyo ndiye kuti yangokhala chokongoletsa. Kalumikizidwe kake kazikhala kotere, kuchoka pa kabowo ka foni kumbuyo kwa rauta, pa ma rauta a BT kamakhala kobiriwira, chingwe chipite kaye ku alamu, ndiye foni ilowe kumbuyo kwa alamuyo. Alamu izikhala patsogolo, foni pambuyo, cholinga chake nchoti ngakhale agogo asiye foni osaibwezera bwino pamalo pake, alamu ithe kulanda layini nkuimba. Mukazipanga mosemphana kapena kugwiritsa ntchito kachipangizo kogawa layini pawiri kaja, foni yosabwezedwa bwino ikhoza kutseka njira. Vuto lina nlakuti rauta amaiika pomwe waya wa intaneti walowera, mwina pakhomo, pomwe alamu inali ku sitting room, nde alamu ikasamutsidwa kutsata rauta agogo akagwera kukhitchini a ku centre sawamvanso. Injiniya asanatole zida zake muonetsetse zimenezi, akangotuluka pakhomo kumubweza ndi nkhani ina.

Ndiye kuyesa. Kagetsi kobiriwira pa bokosi sikatanthauza kanthu, kamangonena kuti magetsi akulowa. Foni kulira sikutanthauza kanthu. Mayeso ndi amodzi okha, mudine batani la pakhosi lenilenilo osati la pa bokosi, mumve bokosi likuimba, timaphokoso tija tidutse, kenako mawu a munthu atuluke mu sipika nkutchula dzina la agogo. Dzinalo ndi lofunika, akatchula dzina lolondola inu musanalinene ndiye kuti uthenga wa bokosi wafika wonse. Akayamba ndi kufunsa kuti ndani akuimba, afunseni chomwe akuona pa kompyuta yawo. Tcherani khutu pa nthawinso, ngati bokosi laimba nkuduka nkuyambiranso lisanalowe, chimenecho nchizindikiro, auzeni kuti alembe ngati vuto ngakhale kuti pamapeto pake yalowa. Musayese kamodzi nkukhutira, yesani m'mawa, yesaninso pa call ya madzulo mukabweranso kudzaona agogo, tsiku linanso, chifukwa vuto la alamu yakale pa layini yatsopano limabwera nkumapita. Ndipo yesani muli malo omwe anthu amagweradi, m'bafa chitseko chili chotseka, pamwamba pa masitepe, kuseri kwa nyumba pomwe pali ma bin, kumapeto kwa garden. Agogo ambiri batani lija amalikoloweka pa mutu wa bedi kapena pa botolo la mankhwala ati likuwayabwa pakhosi, ena amavula polowa m'bafa poopa kuti linyowa pomwe ambiri mwa mabatani amenewa anawapanga osalowa madzi dala chifukwa m'bafa ndi momwe anthu amaterereka. Imeneyo ndi nkhondo ina yomwe tonse timaidziwa, koma poti mukuyesa kale, avekeni adine okha amve mawu aja, ena amayamba kulikhulupirira akamva munthu akuwatchula dzina.

Mayeso achiwiri ndi omwe anthu ambiri sapanga, a magetsi. Bokosi la alamu lili ndi batire lake mkati lomwe limatha kukhala tsiku lathunthu kapena kupitirira, nde anthu amati magetsi akazima tilibe nkhawa. Koma rauta ilibe batire. Magetsi akangoti thi, rauta yazima, layini yapita, alamu ili moyo ndi batire lake koma ilibe podutsa. Ngati nyumbayo ili pa full fibre palinso kabokosi kena koyera pakhoma pomwe waya wa fibre walowera, akuti ONT, nakonso kamadya magetsi, nde ndi zinthu ziwiri zofuna batire osati chimodzi. Poyesa, yambani mwauza a ku centre ndi agogo kapena abale awo kuti mukufuna kuyesa, kenako zimitsani pa soketi ya rauta ndi ya kabokosi koyerako basi, dikirani pang'ono, dinani batani. Chonde musakazimitse main switch ya nyumba yonse, m'nyumba zimenezi mumakhala makina a oxygen, matiresi a mpweya, hoist ili pa charge, insulin mu firiji, stairlift, musayambitse mavuto ena. Ikalowa rauta ili yozima m'nyumba yomwe layini inasinthidwa kale ndiye kuti alamuyo ili ndi njira yake ya SIM, mtima pansi. Ikakana, mwadziwa chomwe chidzachitike usiku wa mphepo. Mukayatsanso dikirani mpaka timagetsi ta rauta tikhazikike, zimatenga mphindi zingapo, nkudinanso batani musanachoke, osachoka m'nyumba musanamve mawu a munthu kachiwiri.

Lamulo la Ofcom la mu 2018 limati kampani ya foni ipereke njira yoti munthu athe kuimba 999 kwa ola limodzi osachepera magetsi atazima, ndipo kwa amene amadalira landline, monga alibe foni ya m'manja kapena kwawo kulibe netiweki, izikhala yaulere. Ena amapereka batire la rauta, ena amapereka foni yokhala ndi SIM mkati. Samalani apa, foni ya SIM imeneyo imathandiza munthu amene angathe kuyenda nkukainyamula, siinyamula alamu, agogo ali pansi m'bafa ilibe nawo ntchito. Nde ngati alamu ikudutsira pa rauta pemphani batire lenileni, ndipo lifike ku ONT komwe. Ola limodzi lomwelo, ife amene tinakulira pa ESCOM timangoseka, kwathu ola limodzi sitiwerengera nkomwe kuti magetsi anazima. Kunonso zimachitika, Storm Arwen mu November 2021 inasiya nyumba zambiri ku Scotland ndi kumpoto kwa England masiku angapo opanda magetsi, ena kupitirira sabata, ma tower a mafoni a m'manja nawonso mabatire anatha, ndipo BT inaimitsa kaye ntchito yosinthayi mu March 2022 anthu atadandaula. Nde lembetsani agogo pa Priority Services Register ku kampani ya magetsi, ndi zaulere, amawaika patsogolo magetsi akavuta, ndipo nambala yoimba magetsi akazima ku England, Scotland ndi Wales ndi 105, ilembeni ndi zilembo zikuluzikulu muimate pa firiji.

Koma zambiri zozimitsa rauta si mphepo ayi. Ndi agogo eni ake. M'badwo umenewu unaphunzitsidwa kuzimitsa soketi iliyonse usanagone, kuopa moto ndi kuopa bilu, nde 9 koloko usiku amayenda ndi ndodo yawo nyumba yonse, TV thi, ketulo thi, rauta thi, ndipo usiku wonse, nthawi yomwe amadzuka mumdima kupita kuchimbudzi, alamu ilibe layini. M'mawa amayatsanso inu musanafike nde simudziwa. Afunseni mwachindunji kuti usiku mumazimitsa chani, afotokozereni kuti foni masiku ano ikudutsa m'kabokosi aka, mate tepi pa switch yake ndi kapepala kolemba kuti isazimitsidwe. Wina wozimitsa ndi ifeyo kapena wokonza m'nyumba, kuzula pulagi ya rauta kuti tilowetse hoover kapena tichaje foni nkuiwala kubwezera. Komanso amene ali pa mita ya prepay, mayunitsi akatha ndi chimodzimodzi kuzima kwa magetsi, yang'anani mita ngati zili mu care plan, ngati mulibe uzani ofesi. Mabokosi ambiri amalankhula okha kuti layini yaduka kapena magetsi palibe, nde mukamva kabokosi kakubwereza mawu kapena agogo akudandaula kuti kakhala kakulongolola usiku wonse, musangofuna potsitsira volume, kakunena zoona.

Kunena zoona njira yeniyeni ndi kuchotsa bokosi lakale nkuika la digital, zina zonsezi nzongogwirizira. La digital silidalira timaphokoso tija, limatumiza uthenga ngati data, ambiri amakhala ndi SIM yoyendayenda yomwe imagwira netiweki iliyonse yamphamvu pamalopo, ena amakhala ndi njira ziwiri, chingwe cha ku rauta ndi SIM, ina ikafa inzake imanyamula. Ubwino wina waukulu nwakuti limangokhalira kupereka moni ku makina a eni ake pafupipafupi, nde likangokhala chete amadziwa kuti chinachake chalakwika, pomwe lakale likhoza kufa masabata osadziwika. Koma funsani kuti likakhala chete amene amaona ndani ndipo amaimbira ndani, chifukwa uthenga wongofika pa kompyuta popanda wouwerenga suthandiza munthu. Funsaninso kuti SIM yake ndi ya 4G kapena ayi. EE ndi Vodafone anazimitsa 3G kumayambiriro kwa 2024, enawo anatsatira, ndipo 2G nayo makampani anagwirizana ndi boma kuti idzakhala itatha pofika 2033, nde bokosi kapena kawotchi ka GPS kodalira 2G yokha mukungogula vuto lomweli kachiwiri. Woika ayeze mphamvu ya netiweki pamalo pomwe bokosi likhale, nyumba zakale za miyala za kumidzi ya ku Wales kapena Yorkshire makoma ake ndi ochindikala, pa windo netiweki ilipo pakati pa nyumba palibe.

Za alamu ya akuba ndidutsa mwachangu koma nkhani yake ndi yomweyo, makamaka inu muli ndi shopu, saluni kapena nyumba yanuyanu. Ngati alamu yanu imangolira panja basi osaimbira aliyense, landline ilibe nayo gawo. Koma ngati imaimbira foni yanu kapena centre kudzera pa layini ya m'nyumba, ikhoza kumalira bwinobwino pakhoma uthenga osapita kulikonse. Musatsegule panel nokha, ili ndi tamper yoliza alamu munthu akaitsegula, ilira mpaka anthu oyandikana nawo akudani, itanani kampani yomwe inaika, makamaka yovomerezeka ndi NSI kapena SSAIB, mabungwe oyang'anira makampani a ma alamu, aike kachipangizo ka njira ziwiri, intaneti ndi SIM kapena ma SIM awiri. Amene munali pa BT Redcare, njira ya BT yolumikizira alamu ku centre, BT inalengeza mu 2024 kuti ikutseka ntchito imeneyo, nde fufuzani kuti anakusamutsirani kuti. Poyesa imbirani centre ndi password yanu aiike pa test kaye, chifukwa apolisi amasiya kubwera ikalira mwabodza katatu m'miyezi 12, ndiye muitchere, mutsegule chitseko, ilire, muwafunse kuti alandira chani. Werenganinso pepala la inshuwaransi, ngati linalembedwa kuti alamu yanu ndi yoyang'aniridwa ndi centre koma inasiya kulankhula nawo kalekale, tsiku lakuberani akhoza kukana kulipira. Ma alamu otchipa a Wi-Fi ongotumiza uthenga pa app nawo rauta ikazima atha, pokhapokha mukulipira ya SIM yapadera.

Zomwezinso kwa ife amene tinaika makamera pa nyumba yomwe tikumanga ku Lilongwe kapena ku Blantyre nkumaonera pa foni tili kuno. Kumeneko za landline palibe amaziganiza, zonse zili pa MiFi ya Airtel kapena TNM, koma bandulo ikatha kapena magetsi akapita popanda sola kapena batire, app imangozungulira. Amene akugulirani bandulo adziwe tsiku lomwe imatha.

Amene mumagwira mu care home kapena m'ma flat a okalamba aja okhala ndi zingwe zofiira zokoka m'bafa, si ntchito yanu kukonza koma mukhoza kufunsa manejala ngati foni ya mu lift, alamu ya moto yoimbira ku centre ndi belu la pakhomo lalikulu zinasinthidwa, zambiri mwa zimenezi zinali pa ma layini akale omwe palibe amakumbukira kuti alipo mpaka tsiku lomwe lift yaima pakati.

Achinyengo nawo anaipezerapo. Amaimbira okalamba kuti ndife a kampani ya foni, layini yanu tikuidula mawa, perekani nambala ya khadi, kapena ati alamu yanu yatha ntchito lipirani yatsopano lero lomwe. Kusintha layini sikulipiritsa, ndipo a khansolo sapempha PIN pa foni. Auzeni agogo kuti adule, kenako adine batani lawo lomwelo afunse a ku centre ngati ndi iwodi anaimba. Ngati apereka kale za ku banki, aimbe 159, imawalumikiza ndi banki yawo.

Kwa anzanga a mu care, dzitetezeni nanunso. Musasunthe zingwe kapena kusintha chilichonse pa alamu ngati simunauzidwe, mukapeza kuti siikugwira imbirani ofesi kapena on-call nthawi yomweyo muli m'nyumbamo, lembani mu notes nthawi yomwe mwayesa, chomwe chachitika ndi amene mwamuuza, ndipo funsani kuti usiku umenewo pakhala dongosolo lanji, kaya call yowonjezera kaya wachibale agone konko kaya foni ya m'manja yodzaza moto ikhale pomwe agogo angaifikire ali pansi osati pamwamba pa kabati. Ndikudziwa kuti call ya mphindi 30 ili kale ndi kusambitsa, kuveka, mankhwala ndi porridge, ina ikukudikirani kutsidya kwa tawuni, koma kudina batani kumatheka ketulo ikuwira.

Mukadali pa layini ndi a ku centre, apempheni agogo awafunse kuti awerenge mndandanda wa anthu omwe amawaimbira pakachitika ngozi, ndi kuona ngati nambala ya key safe, kabokosi kosungira kiyi pakhomo, yomwe ali nayo ndi yomwe ili pakhomo panopa. Mindandanda yambiri inalembedwa tsiku lomwe alamu inaikidwa, mwina zaka khumi zapitazo, mumapeza woyamba ndi neba amene anasamuka, wachiwiri ndi mchemwali wawo amene naye ali mu care home, ndipo manambala ake ndi a landline omwe eni ake anachotsa kale chifukwa cha kusintha komweku. Pakhale anthu awiri osachepera okhala pafupi, a manambala a m'manja, omwe akudziwa kuti dzina lawo lili pamenepo ndipo foni yawo siikhala pa silent usiku.